Mphwanga, injiniyo usaikhudze

Mwaswera bwanji nonse pa gulupu pano. Achemwali, mwaswera? Manja ali girizi yekhayekha, ndiye kulemba sinditha, ndingoyankhula. Ikatalika mundipirire.

Mphwanga, funso lako ndaliona m'mawa uja, koma ndinafuna ndikhale kaye pansi. Ukuti anzako pa siteji ku Ngabu akukuuza kuti udulitse ekizozi, uchotse zam'katizo, kenako ukabowetse buloko ya injini uikemo pisitoni yaikulu kuti njinga yako yamoto izilira bwino komanso izikoka. Ndiye ukufunsa ngati uchite zimenezo kapena uisiye mmene unaigulira. Isiye. Injini ndi ekizozi usazikhudze. Njinga imeneyo yangotha miyezi itatu yokha, ngakhale kukhazikika bwino sinayambe. Koma sindikufuna ungomvera poti wanena ndi malume, ndikufuna umve chifukwa chake, kuti mawa anzakowo akadzayambiranso udzakhale ndi chowayankha.

Zimene akukuuzazo ine ndinazichita, pa njinga yanga yoyamba ija, yofiira, imene unkakwera uli wamng'ono. Ndinapita nayo kwa wowotcherera wina, anaitumbula ekizozi n'kuchotsa timapaipi tonse tam'kati, n'kuiwotchereranso. Makaniko wina anandiuza kuti bokosi la eyakilina, lija losefa mpweya wolowa mu injini, likuitsamwitsa, tinalichotsa n'kuikapo kasefa kakang'ono koonekera kunja. Ndikalowa pa Nchalo ana ankatuluka m'nyumba kudzaona. Ndinkasangalala kwambiri, sindikubisa. Patatha masabata ochepa, mwezi wa Okutobala, ndinanyamula bambo wina wopita ku Blantyre, ndi kachikwama kake. Tawoloka mlatho wa Kamuzu, tadutsa pa Thabwa, tayamba zikweza zija. Pa giya yachiwiri ndinamva injini ikuchita ngati muli timiyala, tiki tiki tiki, ndikawonjezera moto. Mphamvu inayamba kutha pang'onopang'ono, kenako zii. Kiki, ija yolizira injini ndi phazi, sinkatsika n'komwe. Bambo aja ndinawabwezera ndalama yawo, anakwera minibasi, ine n'kutsala ndi njinga padzuwa. Titaitsegula mawa lake, pulagi inali yoyera mbee ngati phulusa, m'mphepete mwa pisitoni mutadyeka, mbali imodzi itakalika ngati wina waipala ndi mwala. Mwezi wathunthu ndinakhala pakhomo, ndipo achemwali mukukumbukira kuti ufa wa mwezi umenewo unachokera kwa inu.

Chinachitika ndi ichi. Injini imadya zinthu ziwiri, mpweya ndi petulo, ndipo zimayenera kusakanikirana pa muyeso wake, mpweya pafupifupi magawo 15 pa gawo limodzi la petulo tikayeza kulemera. Chimene chimayeza petuloyo ndi kabuleta, kudzera pa kabowo kakang'ono ka jeti. Amene anapanga njinga anasankha jeti imeneyo akudziwa kuti kutsogolo kuli bokosi la eyakilina, kumbuyo kuli ekizozi yokhala ndi zam'kati zake. Zitatuzi zimayendera limodzi. Ukatsegula kumbuyo ndi kutsogolo, mpweya umadutsa wambiri koma jeti ndi yomwe ija, ndiye petulo amachepa m'chisakanizomo. Moto wa petulo wochepa umatentha kwambiri. Ndiwo umayeretsa pulagi, umapsereza valavu ya ku ekizozi, umadya pisitoni. Kuphulika kumene umamva anzako akamabweza moto, kuja kwa pha! pha! pha! kumene amakukondako, nthawi zambiri ndi njinga ikudandaula kuti petulo wachepa.

Wina adzakuuza kuti ndiye tingoika jeti yaikulu. Inde, amene amadziwa amatero, ndipo zimafuna kuyesa kangapo, kuyenda, kumasula pulagi, kuiona mtundu, kusinthanso. Pulagi yabwino imaoneka ngati tiyi wamkaka. Ikada bii ndi mwaye, petulo wachuluka. Koma ambiri amene amatumbula ekizozi pansi pa mtengo alibe majeti a masaizi osiyanasiyana, amangotenga singano kapena kawaya n'kukuza bowolo mongoganiza. Bowo ukalikuza silibwerera. Kuyambira tsiku limenelo njinga imamwa mafuta ngati ng'ombe ya pa ngolo itafika pa mjigo, ndipo iwe ukudziwa mmene petulo amavutira akasowa, mizere pa filing'i siteshoni, ena kumagula wa m'mabotolo pa mtengo wokwera. Phindu la kabaza lili pa lita imodziyo, kuti wayenda nayo maulendo angati.

Tsono ganizira kumene tikukhala. Njinga zathuzi, kaya Lifo, kaya SanLG, kaya Boxer, zilibe radiyeta ya madzi. Zimazizira ndi mphepo imene ikuomba pa timizere tachitsulo tija ta pa buloko, ndi oyilo wapafupifupi lita imodzi amene ali m'katimo, basi. Kuno Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ku Ngabu, ku Bangula, ku Nsanje. Mphepo imene ikuomba injini masana imakhala yotentha kale. Iwe uli pa giya yotsika mumchenga, kumbuyo kuli thumba la mapira ndi mwini wake, liwiro lochepa, mphepo yochepa. Injini yosasinthidwa imakhala kale ili pafupi ndi malire ake. Pamenepo n'kuwonjezeranso moto wina? Mnyamata wa ku Dedza kapena ku Mzimba mwina angapulumuke nazo kwa kanthawi chifukwa kwawo n'kozizira. Kuno ayi. Ndipo pali china chimene anthu sachiganizira. Ife tili pansi kwambiri, pomwe Blantyre ili pamwamba pafupifupi mamita 1,000, ndiye mpweya wa kuno ndi wolemererapo. Njinga imene aitchuna bwino ku Limbe ikatsika kuno imalandira mpweya wochulukirapo pa jeti yomweyo, ndipo ngati petulo anali wochepa kale, kuno amacheperatu.

Za kasefa kakunja kaja ndiye ndisachedwepo. Wayendapo msewu wa ku East Bank nthawi yachilimwe, kuchoka pa Thabwa kulowera ku Masenjere mpaka ku Fatima. Ukafika, nsidze zimakhala zofiira ndi fumbi. Fumbi lomwelo likalowa mu silinda limasanduka sandipepala, maring'i amatha, njinga imayamba kufuka utsi ndi kudya oyilo. Dzinja likafika vuto limakhala madzi. Unaona wekha nthawi ya namondwe Ana mu Januwale 2022, ndi Freddy mu Malichi 2023, mmene misewu inadukira, anthu n'kumawolotsa njinga m'madzi. Bokosi loyambirira lija limatenga mpweya pamalo obisika, pansi pa mpando. Kasefa kakunja kamamwa madzi msanga, ndipo madzi akalowa mu silinda sapanikizika ngati mpweya, chimapindika ndi konirodi, chitsulo chija chogwira pisitoni.

Mwina ukuti, koma malume, njinga za anzangazo zimathamangadi. Ndimadziwa mmene zimamvekera ukakhala pamwamba pake. Phokoso limanamiza thupi. Ukamva kulira kwakukulu umaona ngati ukuuluka, koma tenga njinga ziwiri zofanana, ina yotumbula ina yosatumbula, uziyambitse pamodzi zitanyamula katundu wofanana, uone. Kawirikawiri yotumbulayo imafooka poyambira, pamene iwe wa kabaza umafunira mphamvu, chifukwa kutalika ndi kukula kwa paipi anakuwerengera kuti izikoka bwino injini ikamazungulira pang'onopang'ono. Kamene mwina ungapindule kali kumapeto kwenikweni kwa moto, kumene sufikako ndi munthu kumbuyo.

Ndipo ganizira amene amakulipira. Makasitomala ako ndi amayi ochokera kumsika ndi mwana kumsana, aphunzitsi, agogo opita kuchipatala, nthawi zina mayi wodwala usiku woti umuthamangitsire kuchipatala cha Montfort kuno ku Nchalo kapena kuchipatala cha pa Ngabu pompo. Munthu mutu ukumuwawa safuna kukhala pamwamba pa chiphokoso. Amayi akamasankha njinga pa siteji amayang'ana, ndipo amauzana. Chinanso chimene chimandipweteka mtima, ekizozi zowotchereranso zija kawirikawiri amazichotsa kachitsulo kotchinga kutentha. Ndinaona mayi wina akutsika pa njinga ya mnyamata wina pano pa Nchalo, chitenje chinakwera pang'ono, katumba n'kukhudza paipi. Khungu linatsala pomwepo. Bala la moto ndi kutentha kwa kunoku silipola msanga, iwe ukudziwa. Komanso kwanu ku Ngabu ndi kwa ng'ombe. Kudutsa pafupi ndi ngolo kapena gulu la ng'ombe ndi njinga yophulika, imodzi ikadzidzimuka n'kulumphira mumsewu, wogwa ndiwe.

Za kubowa buloko, pamenepa ndisiyanitse, chifukwa mawu ndi amodzi koma nkhani ndi ziwiri. Injini ikakalamba, silinda ikadyeka, timakaibowetsa pang'ono n'kuika pisitoni ya ovasaizi, yokulirapo ndi mamilimita 0.25 kapena 0.50. Kumeneko ndi kukonza, ndipo tsiku lina yakonso idzafika pamenepo. Koma kutenga injini yatsopano n'kuikuza kuti 125 isanduke 150, kapena 150 ipitirire apo, ndi nkhani ina. Khoma la silinda limapyapyala, kutentha kumachuluka, pomwe mabering'i a kirankishafuti, konirodi ndi mapuleti a kilatchi ndi omwe aja anapangidwira mphamvu yoyamba. Chimodzi chikagonja chimakoka chinzake. Ndipo mitengo ya masipeya ukuiona wekha mmene yakhalira chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ngati kumene unagulako anakupatsa pepala la galanti, dziwa kuti akangoona kuti injini inatsegulidwa pepalalo latha ntchito. Tsiku lodzagulitsanso, wogula wanzeru amayamba wagwada n'kuyang'ana mabawuti a pa injini ngati anamasulidwapo, kenako amamvetsera kulira kwake. Akaona chipsera cha wowotcherera pa ekizozi amadziwa kuti njingayi inazunzika, mtengo amaudula pomwepo.

Ngati vuto lako lenileni ndi lakuti njinga ikulemedwa ukanyamula katundu, pali njira yosapweteka injini. Sintha sipuloketi ya kumbuyo, chitsulo cha mano chija choyendapo tcheni, uike yoposa imene ilipoyo ndi mano awiri kapena atatu. Idzanyamuka mosavuta mumchenga ndi pa chikweza, kilatchi sudzaipsereza. Chimene udzataye ndi liwiro pang'ono pa tala, komanso paulendo wautali injini idzazungulira mofulumirirapo. Ikapanda kukusangalatsa umangobwezera yakale, palibe chimene chaonongeka. Nthawi zina tcheni chimafuna kuwonjezera, tidzaona ikabwera.

Ndalama imene wasunga ya kwa wowotchererayo, gula oyilo wabwino wa njinga zamoto, 20W-50, wa m'botolo lotseka, osati wopungulidwa m'chigubu chosadziwika. Pa njinga zimenezi oyilo yemweyo ndi amene akusambitsa injini, magiya ndi kilatchi, ndiye amatopa msanga. Ine kuno sindidutsitsa makilomita 1,000 ndisanasinthe, ndipo nthawi yotentha ino ndimayang'ana kamtengo koyezera m'mawa uliwonse ndisanalize. Siponji ya mu eyakilina uzichapa sabata iliyonse nthawi ya fumbi, iume, uidontheze oyilo pang'ono n'kuifinya. Matope akauma pa timizere ta pa buloko uziwachotsa, chifukwa amatsekera kutentha m'kati ngati bulangeti. Mavalavu akakutchunire munthu amene ali ndi choyezera chake, injini itazizira. Kenako mabuleki ndi matayala. Mabuleki a njinga yakoyo anapangidwira liwiro limene inabwera nalo, ndipo sindinamvepo mnzako ngakhale mmodzi akunena zowonjezera mabuleki, onse amangonena zowonjezera moto. Helemeti yachiwiri ya kasitomala uli nayo? Laisensi ndi inshulansi zili bwino? Pa rodibuloko, njinga imene imamveka isanaoneke ndi imene amayamba kuiimitsa.

Ukafuna kuti izioneka yako, sindikukuletsa. Ika chikuto chabwino pa mpando, limbitsa keriyala, lemba mawu ako kumbuyo, ika magalasi abwino. Ndiwe mnyamata, ndipo kunyadira njinga yako si tchimo. Inenso yanga ndimaipukuta madzulo aliwonse.

Achemwali, ndikudziwa mukumvetsera. Musamukalipire mwanayu, wachita bwino kufunsa asanachite, ine sindinafunse aliyense. Koma mphwanga, ukumbukire kuti gawo lina la ndalama ya njinga imeneyo amayi ako anakatenga ku banki m'khonde, ndipo tsiku lobweza likafika amene amakakhala pa mphasa pamaso pa anzawo ndi iwowo. Njingayo ikagona sabata imodzi, ngongoleyo siigona nawo.

Loweruka ubwere nayo kuno ku Nchalo m'mawa kusanatenthe. Timasula pulagi tione mtundu wake, titchuna mavalavu, ndipo uwerengeretu mano a sipuloketi ya kumbuyo unditumizire nambala yake lero lomwe, ndifunse ngati yokulirapo ilipo. Ukamabwera udzere kwa agogo ako, akuti ali ndi kathumba ka chitowe koti kafike kuno.