Kukaphunzira ku Glasgow: Ndiyembekezere Zotani?

FUNSO: Akonzi, ndapeza mwayi wokaphunzira digiri yachiwiri ku Glasgow, m'dziko la Scotland, kuyambira Sepitembala. Kodi moyo wakumeneko ndi wotani, ndipo pa tchuthi ndingathe kukacheza m'maiko oyandikana nawo? Wowerenga wa ku Zomba.

YANKHO: Chimene chimasautsa ophunzira ochokera kwathu kuno si kuzizira kokha, koma mdima, pakuti mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, moti mudzidzatuluka m'kalasi kunja kutada kale, nthawi zambiri kukuwaza mvula. Jekete yochindikala mukagule komweko.

Aphunzitsi, ngakhale apulofesa aimvi, amaitanidwa ndi dzina loyamba, zimene kwa ife zimamveka ngati mwano, koma iwo ndi mmene amakondera. Akadzakupatsani haggis musadzaope, chifukwa ndi mtima, chiwindi ndi mapapo a nkhosa, zam'kati zomwe timadya kale.

Viza ya wophunzira imakulolani kuyenda mu Britain monse, koma kupita ku France kapena ku Germany kumafuna viza ina yotchedwa Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya. Ife tikanati muyambe pafupi, pokwera sitima kupita ku Blantyre wa ku Scotland komweko, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, komwenso kunachokera dzina la mzinda wathu wamalonda.