Yankho kwa amayi aang'ono pa za ulendo wa achimwene ku UK

Amayi aang'ono, mwaswera bwanji kumeneko ku Santhe? Ndamva funso lomwe mwaika pagulu lathu lino, loti achimwene akawatsatira alamu ku UK akaloledwa kugwira ntchito kapena ayi, ndiponso ngati kuli koyenera kuti agulitse munda kuti apeze ndalama ya ulendo. Ndiyankhe pompano kuti onse amve.

Ntchito akaloledwa kugwira. Alamu analowa m'dzikolo ngati namwino pa viza yotchedwa Health and Care Worker, ndipo mwamuna kapena mkazi wa munthu wotere amapatsidwa chilolezo chokhala ndi kugwira ntchito pafupifupi iliyonse, kaya m'sitolo, kaya m'fakitale, kaya kuyamba bizinesi yakeyake. Choletsedwa ndi kulembedwa ntchito yamasewera yolipidwa kapena kukhala mphunzitsi wa masewerawo. Zomwe mwamva kutchalitchi zoti analetsa kutenga mabanja ndi zoona ndithu, koma lamulo limenelo, lomwe linayamba pa 11 Malichi 2024, likukhudza ogwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala m'nyumba zosungirako anthu kapena m'makomo mwawo, osati anamwino.

Chomwe ndikufuna muchimvetse bwino, amayi, ndi chakuti chilolezo cha achimwene sichidzaima pachokha. Chidzamangiriridwa ku viza ya alamu, ndipo tsiku lothera lidzakhala limodzi. Alamu ntchito itawathera, a boma kawirikawiri amapereka masiku 60 okha kuti munthu apeze bwana wina womuimira, ndipo akalephera, banja lonse liyenera kulongedza, ngakhale achimwene atakhala kuti ali pantchito yabwino. Chimodzimodzinso banja litasokonekera, Mulungu atiteteze ku zimenezo, lamulo limafuna kuti a Home Office, nthambi ya boma la UK yoona za olowa m'dzikolo, adziwitsidwe, ndipo amene amataya malo ndi uja anabwera motsatira mnzake. Komanso pa chilolezocho pamakhala mawu oletsa kulandira thandizo la ndalama la boma, kotero mwezi umene ntchito yasowa, lendi ndi chakudya zonse zimagwera malipiro a alamu. Ufulu wokhazikika m'dzikolo umapemphedwa pakatha zaka 5, koma mu 2025 boma la kumeneko linalengeza maganizo okweza zakazo kufika 10.

Ndiye pa nkhani ya munda, ine ndikukana ndi mtima wonse. Munda uja wa kumunsi kwa dambo, umene agogo ankalimamo mtedza ndi fodya, ukapita sudzabwereranso, pomwe chilolezo chomwe achimwene akufuna kuugulitsira chingathe kufafanizidwa ndi kalata imodzi. Kuli bwino kuubwereketsa kwa wachibale pamaso pa a mfumu, ndipo ndalama ya tikiti tisonkherane ife ana anu pamodzi ndi alamu. Mtolowo ndi wopepukirako, popeza mabanja a anamwino salipira msonkho wa zaumoyo wa mapaundi 1,035 pachaka umene ena amalipira.

Pakali pano achimwene ayambe ndi mapepala. Ukwati wawo unali wa chinkhoswe, ndipo ngakhale ankhoswe onse alipo, a viza amafuna umboni wolembedwa, choncho apite ku ofesi ya DC ku Kasungu akafunse za kalembera wa ukwati. Adzafunikanso kuyezetsa chifuwa chachikulu ku chipatala chovomerezedwa ndi boma la UK. Ntchito yawo ya uphunzitsi asaisiye mpaka yankho la viza litatuluka, ndipo asapereke ndalama kwa munthu aliyense wolonjeza kufulumizitsa zinthu, chifukwa fomuyo imalembedwa pa intaneti ndipo ine ndili wokonzeka kuwathandiza Loweruka likubwerali.