Musanagule mbewu, kaonaneni ndi wogula

Achemwali, mwati mukufuna kulima kachewere, kandalama mwatenga ku banki mkhonde, koma mukusowa poyambira. Ena akuuzani kale kuti "limbani mtima, zitheka". Ndi mawu abwino, koma sanakuuzeni amene adzagule mbatatayo.

Musanagule mbewu kapena feteleza, pitani pa Lizulu kapena pa Tsangano, mukakhale tsiku lonse. Muone magalimoto amene akupakira opita ku Lilongwe ndi ku Blantyre, mufunse mavenda mtundu umene akufuna, makamaka wa tchipisi, ndi miyezi imene katundu amasowa. Aliyense akakumba nthawi imodzi mtengo umagwa, ndipo kachewere sachedwa kuwola. Amene ali ndi dimba la madzi ndiye amapindula, chifukwa amakolola anzake atatha.

Chenjezo langa lalikulu ndi ngongole. Mlamu wanga ku Bembeke analima bwino zedi, munda wochititsa kaso. Kunabwera venda wina wolankhula mokoma, napakira matumba onse, nati ndalama atumiza akagulitsa m'tauni. Foni yake inazima, mpaka lero. Mlamuyo anali atakongolanso kwa akatapila kuti agule feteleza, ndiye anagulitsa mbuzi zonse kuti abweze. Zimandipwetekabe, chifukwa ntchito anaigwira ndi mtima wonse. Thumba lisakwere galimoto ndalama isanalowe m'manja mwanu kapena pa foni. Musamalenso ndi matumba awo osokerera pamwamba aja, mtengo ndi wa thumba limodzi koma mbatata yake ndi ya thumba ndi theka. Gwirizanani za muyeso musanayambe kuthira.

Feteleza pano thumba likupitirira K100,000, ndiye musathamangire ekala yathunthu. Yambani ndi kagawo kamene mungathe kukasamalira, mutsalenso ndi ya mankhwala a chiwawu, chifukwa mvula ndi nkhungu ya kuno ikalimbika masamba amapsa m'masiku ochepa. Mbewu musatole yotsala pamsika, imabwera ndi matenda ofotetsa omwe amakhalitsa m'nthaka. Funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu kumene mungapeze yabwino, ndipo musabzale pamene panali tomato kapena kachewere chaka chatha.

China, gulani kope. Lembani chilichonse, ngakhale ya ganyu ndi ya ngolo. Ndalama ya munda ikhale payokha, isasakanikirane ndi ya ndiwo, apo ayi tsiku lobweza ku banki mkhonde lidzakupezani mulibe kanthu.