Anthu opanda nkhope pa zithunzi zodinda za ku London

Mayi ena amene amawerenga zolemba zanga anditumizira imelo yofunsa za chithunzi chodinda chimene anachiona pa intaneti, cha amuna atatu okwera njinga zamoto, onse ofanana ngati mapasa ndiponso opanda nkhope zooneka bwino. Akufuna kudziwa ngati wojambulayo analephera kujambula munthu, komanso chimene chikuchititsa kuti chithunzi chongokhala papepala chizioneka ngati chili pa liwiro.

Mayi, malinga ndi mmene mwafotokozeramu, chimene munaonacho ndi Speedway, chimene Sybil Andrews anadinda mu 1934, ndipo kulephera palibepo. Andrews anali pa Grosvenor School of Modern Art, sukulu imene inatsegulidwa ku London mu 1925, kumene Claude Flight ankaphunzitsa kudinda zithunzi pogwiritsa ntchito lino, chinthu chofewa chija chimene anthu amayala pansi m'nyumba. Wojambula amasema linoyo ndi kampeni, kuchotsa paliponse pamene sakufuna kuti pagwire utoto, kenako amapaka utoto pamalo otsalawo n'kusanjikapo pepala lopyapyala, n'kumalikhutiza ndi dzanja, ena ndi kumbuyo kwa supuni. Mtundu uliwonse wa utoto umafuna chidutswa chakechake cha lino, motero zithunzi zambiri za gulu la ojambula a pasukuluyi zili ndi mitundu itatu kapena inayi yokha.

Apa ndi pamene pagona yankho lanu. Kampeni kamayenda mosavuta pa lino pamene kakudula mzere wautali wokhota, koma timizere ta zikope ndi makwinya a pamphumi timavuta, ndipo Flight ankaphunzitsa kuti wojambula asalimbane ndi chipangizo chake. Ojambula a gululi anasiya nkhope n'kugwira msana, phewa ndi mkono, pakuti munthu amene akuthamanga sitimuona m'maso, timaona kupendekeka kwa thupi lake. Thupi limodzi likabwerezedwa katatu motsatizana, diso la woonera limadumpha kuchoka pa loyamba kufika pa lachitatu, ndipo kuyenda kumene mukukumvako kukuchitika m'diso lanu lomwelo. Maganizo amenewa anawatengera kwa ojambula a ku Italy otchedwa Futurists, amene kuyambira mu 1909 ankatamanda makina ndi liwiro.

Kwa ine, amene anafika pachimake ndi Cyril Power, wa gulu lomweli la Grosvenor, pa chithunzi chake cha The Eight cha mu 1930. Anajambula opalasa bwato la mpikisano monga mmene ankawaonera ali pamwamba, pa mlatho wa Hammersmith pamtsinje wa Thames. Nkhafi zenizeni n'zowongoka, koma iye anazipinda ngati uta, ndipo misana ya amunawo inasanduka mafunde otsatizana, moti simungaloze pamene munthu wathera ndi pamene bwato layambira. Ndimavomereza kuti pali china chosautsa pamenepa, makamaka pa zithunzi zake za anthu a m'sitima za pansi pa nthaka, amene amaoneka ngati zitsulo za makina osati anthu a maina awo, ndipo sindikhulupirira kuti Power anachita zimenezo mosadziwa.

Mukabwereranso pa Speedway, phimbani okwera awiri ndi chikhatho chanu kuti mutsale ndi mmodzi, muone mmene liwirolo lichepere.