Kodi a Reuben Kamanga anachoka bwanji pa mpando wachiwiri m'dziko la Zambia?

FUNSO: Agogo anga akamakamba za masiku omenyera ufulu amatchula kawirikawiri a Reuben Kamanga, ndipo amati anali wachiwiri kwa a Kaunda. Koma kusukulu timamva kwambiri za a Kapwepwe. Kodi a Kamanga anachotsedwa chifukwa cholakwa? — Wophunzira wa ku Katete

YANKHO: Agogo anu akunena zoona, mwanawe. A Reuben Chitandika Kamanga anabadwa mu 1929 m'dera la Chipata, tauniyi ikutchedwabe Fort Jameson, ndipo ndiwo anali oyamba kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko la Zambia pamene tinalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964. Udindowu sanaupeze mwamwayi, chifukwa anali atamangidwapo ndi boma la atsamunda, atakhalapo ku Cairo moimira UNIP, chipani cha a Kenneth Kaunda, ndiponso mu 1962 anali nduna yoona za ntchito ndi migodi m'boma limene UNIP inapanga mogwirizana ndi chipani cha ANC cha a Harry Nkumbula.

Palibe mlandu umene unawachotsa. Anagonja pa chisankho cha m'chipani chimene chinachitikira ku Mulungushi, pafupi ndi Kabwe, mu Ogasiti 1967, pamene mipando ya komiti yaikulu ya UNIP inalimbiranidwa poyera. Nthumwi zinagawikana potsata zinenero ndi kumene zinachokera: olankhula Chibemba anagwirizana ndi Atonga, pamene anthu a kuno kum'mawa anaima pamodzi ndi Alozi. A Simon Kapwepwe anapambana a Kamanga pa mpando wa wachiwiri kwa mtsogoleri wa chipani, ndipo a Arthur Wina nawonso anataya mpando wa msungichuma kwa a Elijah Mudenda. Popeza wachiwiri m'chipani ndiye ankayenera kukhalanso wachiwiri m'boma, a Kamanga anatula pansi udindo. Mkangano wa mitunduwu unafika poipa kwambiri moti mu Febuluwale 1968 a Kaunda analengeza ku Chilenje, mu Lusaka, kuti akusiya utsogoleri, ndipo anabweza mawu awo m'mawa mwake anzawo atawachonderera.

Chimene ine ndimalemekeza kwambiri ndi zimene anachita atagonja. Munthu amene anthu a chigawo chonse anali pambuyo pake akanatha kutuluka n'kuyambitsa chipani chake, makamaka pa nthawi imene mitima ya anthu a kum'mawa inali yowawa, koma iwo analandira unduna woona za maiko akunja, umene unali m'manja mwa a Kapwepwe omwewo, kenako anakhala nduna yoona za chitukuko cha kumidzi ndipo anatumikira zaka zambiri m'komiti yaikulu ya chipani. A Kapwepwe ndiwo anadzatuluka mu 1971 n'kupanga chipani cha UPP, ndipo kumangidwa kwawo ndi kuletsedwa kwa chipanicho n'zimene zimachititsa kuti mabuku azikamba zambiri za iwo. Sindikubisa kuti kukhulupirika kwa a Kamanga kunawaikanso m'gulu la amene anayendetsa ulamuliro wa chipani chimodzi, umene unatsekereza mawu a anthu ambiri, ndipo zimenezo ziyenera kuwerengedwa pamodzi ndi zabwino zawo.

Anapuma pa ndale mu 1991, chaka chimene UNIP inagonja kwa chipani cha MMD n'kutsala ndi mipando 25 yokha m'nyumba ya malamulo, ndipo 19 mwa imeneyo inali ya Chigawo cha Kum'mawa. Anamwalira ku Lusaka mu 1996.