Galimoto mwagulitsa kale, koma smog ikadali pamutu panu

Bambo,

Mwalemba kuti munagulitsa Toyota Camry yanu ya 2012 kwa munthu wina ku Sacramento, m'chigawo cha California ku America, munalemberana kuti akuitenga momwe iliri ("as is"), ndiye patatha masabata awiri wakubwererani. Akuti galimoto yalephera smog check, komwe ndi kuyeza utsi umene galimoto imatulutsa, ndipo a DMV, ofesi ya boma yolembetsa galimoto, akukana kuilemba m'dzina lake. Mukufunsa ngati mungamuuze kuti aone yekha chochita.

Chonde musatero. Ku California, gawo 24007 la malamulo a galimoto (Vehicle Code) limaika udindo wa satifiketi ya smog pa wogulitsa. Imayenera kuperekedwa galimoto isanachoke m'manja mwanu kapena pa nthawi yopatsirana makiyi, ndipo isakhale yopitirira masiku 90. Mawu aja akuti "as is" angakuthandizeni giyabokosi itafa mawa, koma sachotsa udindo umene lamulo lakusenzetsani. Ambiri amagwa pomwepa, poganiza kuti kapepala kosainirana kathetsa zonse.

Zilipo galimoto zimene lamuloli silizikhudza: ya petulo yosapitirira zaka 4, ya 1975 kapena kale kuposa apo, ya dizilo ya 1997 kubwerera m'mbuyo, yamagetsi, komanso yopatsana pakati pa makolo, ana, agogo, abale a bere limodzi kapena mwamuna ndi mkazi wake. Camry yanu mulibe m'gulumo.

Musanatulutse ndalama, pemphani wogulayo akutumizireni lipoti limene anapatsidwa koyezetsa. Pamenepo palembedwa chimene chalepheretsa. Nthawi zina vuto ndi laling'ono. Ngati batire linachotsedwa posachedwa, kompyuta ya galimoto imaiwala zimene inasunga, ndipo makina oyezera amaikana mpaka itayendako masiku angapo mumsewu. Kanyali ka check engine kakayaka, galimoto imalepheranso, ngakhale chayatsa kanyaliko chitakhala chivindikiro cha thanki chosatseka bwino. Koma likakhala vuto la catalytic converter, chipangizo cha pa ekizozi chochepetsa poizoni mu utsi, khalani pansi muwerengere, chifukwa ku California amalola yokhayo yovomerezedwa ndi CARB, bungwe la boma loona za ukhondo wa mpweya, ndipo mtengo wake ndi wowawa. Pa galimoto yakale ngati iyi, mwina kubweza ndalama n'kutenganso galimoto yanu kungakupepukireni kuposa kukonzetsa. Chilichonse chimene mugwirizane, chilembeni, nonse musaine, ndipo sungani malisiti.

Mudzamva za anthu amene amati akupezerani satifiketi galimoto osaiyeza. Ndakupemphani, atalikireni. Ndi mlandu, ndipo bungwe la Bureau of Automotive Repair, loyang'anira malo oyezera, limafufuza zimenezi.

Mukakana, wogula angakulembereni kalata yofuna ndalama zake, kenako n'kukusumirani ku small claims court, khoti la milandu ya ndalama zochepa, kumene munthu amasuma mpaka madola 12,500. Kumeneko loya saloledwa kukuyankhulirani pa tsiku la mlandu. Mudzaima nokha pamaso pa woweruza, ndipo akadzafunsa za satifiketi, mudzasowa choonetsa.

Onaninso ngati munatumiza ku DMV fomu ya Notice of Transfer and Release of Liability, yowadziwitsa kuti galimoto yachoka m'manja mwanu, imene imafunika pasanathe masiku 5 mutagulitsa. Fomuyi siithetsa nkhani ya smog, koma pakali pano galimoto ikadali m'dzina lanu pomwe akuyendetsa ndi wina, ndiye matikiti ake angamabwere kwa inu. Ngati simunatumize, chitani lero pa intaneti, kenako muimbireni wogulayo foni.