Yankho pa funso la yoga m'masiku a kumwezi

Achemwali, mwafunsa ngati n'koyenera kusiya zina mwa zochita za yoga, masewero olimbitsa thupi ochokera ku India aja, pamene muli kumwezi, popeza mnzanu wina anakuuzani kuti kuimirira ndi mutu kumabwezera magazi m'kati n'kuwononga chiberekero. Mwafunsanso ngati yoga ikugwirizana ndi chipembedzo, komanso kumene mungapeze mphunzitsi kuno ku Mangochi. Nkhani ya chipembedzoyo anzathu a m'gulu muno aiyankha kale, ena mpaka mopitirira muyeso, choncho ine ndikhala pa nkhani ya thupi yokha.

Lamulo loletsa mkazi amene ali kumwezi kutembenuza thupi, mutu pansi miyendo m'mwamba, silinachokere kuchipatala, koma kwa aphunzitsi a yoga a ku India. Ku Pune, banja la B.K.S. Iyengar, makamaka mwana wake wamkazi Geeta, linkaphunzitsa kuti masiku amenewa mkazi asachite sirsasana, komwe ndi kuimirira ndi mutu, kapena sarvangasana, komwe ndi kuimirira ndi mapewa. Ku Mysore, ophunzira aakazi a Pattabhi Jois ankauzidwa kuti apumule masiku atatu oyamba. Chifukwa chimene ankapereka n'chakuti pa nthawiyi mphamvu ya m'thupi imatsikira pansi, ndipo munthu sayenera kuitsekereza. Chimenecho ndi chiphunzitso cha mwambo wawo, chofanana ndi malangizo a anamkungwi athu akuti mkazi akakhala kumwezi asathire mchere m'ndiwo poopa tsempho. Munthu akhoza kulemekeza mwambo wotere ngati akufuna, koma asautenge ngati zotsatira za kupima kwa madokotala.

Magazi a msambo satuluka chifukwa chakuti munthu waimirira. Chiberekero ndi mnofu umene umadzifinya wokha pokankhidwa ndi timadzi ta m'thupi totchedwa prostaglandin, ndipo kufinya kumeneko ndiko kumakankhira magazi kunja, ndikonso kumabweretsa cham'mimba chimene ambiri a ife timachidziwa bwino. N'chifukwa chake msambo umapitirira ngakhale mutagona chagada usiku wonse, ndipo akazi amene akhalapo mumlengalenga, kumene kulibe mphamvu yokokera zinthu pansi, amasamba bwinobwino. Mphindi imodzi kapena ziwiri zimene munthu amakhala mutu uli pansi sizingagonjetse mnofu umenewo. Chimene mungaone n'chakuti magazi amene anali atatsikira kale m'njira amaima pang'ono, kenako n'kutuluka pamodzi mukadzuka, ndipo ena amatenga zimenezi ngati umboni wakuti msambo wachuluka pamene sunachuluke.

Mnzanuyo sanangopeka zonse. N'zoona kuti magazi pang'ono amatha kubwerera kudzera m'machubu a mazira n'kugwera m'mimba, ndipo m'zaka za m'ma 1920 dokotala wa ku America, John Sampson, anapereka ganizo lakuti kubwerera kumeneku ndiko kumayambitsa matenda a endometriosis, amene minofu yofanana ndi ya m'kati mwa chiberekero imamera kunja kwa chiberekerocho. Koma mu 1984 ofufuza anapeza magazi obwerera chotero mwa akazi pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse amene machubu awo ndi otseguka, pamene bungwe la WHO limati endometriosis imagwira pafupifupi mkazi mmodzi mwa 10 a msinkhu wobereka. Izi zikusonyeza kuti kubwerera kwa magaziko kumachitika pafupifupi kwa tonse, ngakhale kwa amayi a ku Makanjira amene sanamvepo za yoga, ndipo mwa ambiri thupi limachotsa lokha magaziwo popanda vuto. Palibe umboni wa zachipatala wosonyeza kuti kuimirira ndi mutu kumayambitsa matendawa. Amene analemba m'gulu muno kuti mukatero mudzakhala wosabereka akadayenera kunena kumene anazitenga, chifukwa mawu otere amasautsa atsikana amene sanayambe n'komwe banja.

Ngakhale zili choncho, ine sindikulangizani kuti muimirire ndi mutu pa tsiku loyamba ndi lachiwiri, ndipo chifukwa changa n'chosiyana ndi cha mnzanuyo. Mng'ono wanga ankachita nawo yoga pa malo ena ogona alendo m'mbali mwa nyanja, ndipo mphunzitsi wake anali mlendo wochokera kunja. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa litakwera kale, anthu atayala timphasa tawo pakhonde la simenti, mphepo kulibe. Iye anali pa tsiku lachiwiri ndipo anamuuza mphunzitsiyo kuti akumva thupi kulemera. Yankho limene analandira linali lakuti zoletsa za kumwezi ndi nkhani zachikale, amwe madzi apitirize. Anaimirira ndi mutu miyendo itatsamira khoma, n'kukhala choncho kanthawi, ndipo atatsika anaimirira msanga monga anzake. Maso anachita mdima, anagwa chafufumimba n'kumenyetsa chibwano pamphepete pa khondelo, ndipo anakasokedwa kuchipatala. Kumeneko atamupima anapeza kuti mlingo wa magazi ake unali pafupi ndi 8, pamene mkazi wosayembekezera amayenera kukhala ndi 12 kapena kuposa, ndipo mumkodzo anapezamo mazira a likodzo. Kwa miyezi yambiri ankasintha padi pakangotha maola awiri, n'kumaganiza kuti ndi mmene analengedwera.

Mphunzitsi uja ananena zoona pa nkhani ya magazi obwerera, koma sanafunse funso ngakhale limodzi lokhudza munthu amene anali patsogolo pake, ndipo mpaka lero sindimukhululukira. Anthu ophunzitsa yoga amene amabwera kuchokera kumaiko ozizira, kumene kulibe malungo ndi likodzo, amaiwala kuti mkazi wa ku Mangochi akhoza kuyamba msambo ali kale ndi magazi ochepa. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti akazi 33 pa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 m'dziko muno ali ndi vuto la kuchepa kwa magazi. Mukaphatikiza kutentha kwa kuno m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, thukuta, ndi magazi amene mukutaya masiku amenewo, chizungulire sichichedwa, makamaka pa nthawi imene mutu ukuchoka pansi n'kubwerera m'mwamba mofulumira. Choopsa chenicheni n'kugwa ndi kuvulala khosi.

Pachifukwa chimenechi, musanaganize za kachitidwe kalikonse ka yoga, yang'anani kaye msambo wanu. Mkazi amataya magazi pafupifupi mamililita 30 mpaka 40 pa msambo wonse, ndipo akapitirira 80 madokotala amati wachuluka. Palibe amene amayeza ndi kapu, choncho zizindikiro zake ndi izi: padi kudzaza pa ola limodzi kapena awiri kwa maola angapo motsatizana, kudzuka usiku kukasintha, magazi oundana akuluakulu, kapena msambo wopitirira masiku 7. Mukaona chimodzi mwa zimenezi, kapena m'kati mwa zikope mukuoneka motuwa, kapena mtima ukuthamanga mukangokwera kachitunda, pitani mukapimitse magazi. Ku chipatala cha boma pa boma la Mangochi kapena ku Monkey Bay simulipira, kungoti mulawirire chifukwa mzere umatalika. Kuzipatala zolipira kupimako kungakutengereni masauzande angapo a kwacha, ndipo ndi bwino kufunsa mtengo musanatambasule mkono popeza mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi.

Ngati mumasamba, kuchapa kapena kutsuka mbale m'nyanja, mu Shire kapena ku Malombe, pemphani kuti akupimeninso likodzo. Ambiri timaganiza kuti likodzo ndi matenda a anyamata okodza magazi, koma mwa akazi mazira ake amakakhazikikanso pakhomo la chiberekero ndi m'njira ya abambo, n'kumayambitsa kutaya magazi pakati pa mwezi, kupweteka m'chinena ndi kutuluka magazi pambuyo pokhala malo amodzi ndi mwamuna. Mkazi wotere akayamba yoga n'kuona magazi pa nthawi yosayenera, amaloza chala yoga, pamene vuto lili m'madzi amene amaimamo m'mawa uliwonse. Mankhwala ake ndi praziquantel, amene amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa thupi, ndipo muwamwe mutadya chifukwa amachititsa nseru ndi chizungulire pamimba yopanda kanthu.

Pali anthu amene sayenera kuimirira ndi mutu kapena ndi mapewa tsiku lililonse la mwezi, kaya ali kumwezi kapena ayi. Amenewa ndi amene ali ndi BP yokwera, amene ali ndi matenda a maso a glaucoma, ndi amene anavulalapo khosi. Ndikuonjezerapo aliyense amene akuphunzira yekha poonera mavidiyo a pa YouTube pa foni, chifukwa palibe womugwira miyendo ikayamba kupendama, ndipo pansi pa nyumba zathu zambiri ndi pasimenti. Halasana, kumene miyendo imapita kuseri kwa mutu, imaoneka yosavuta pa vidiyo koma imaunjika kulemera kwa thupi pakhosi. Kapumidwe kofulumira ka kapalabhati, komanso kukokera mimba m'kati mwamphamvu, ndimalangiza kuti muzisiye masiku a cham'mimba. Sizingawononge chiberekero, koma zimawonjezera ululu pamimba imene ikufinyika kale, ndipo kupuma mofulumira kumabweretsa chizungulire pakokha.

Kusiyiratu kulimbitsa thupi si yankho. Mu 2019 bungwe la Cochrane, limene limaunika kafukufuku wa zachipatala, linasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana n'kupeza kuti kuchita masewero olimbitsa thupi kwa mphindi 45 mpaka 60, katatu pa sabata kapena kuposa, kungachepetse ululu wa msambo, ndipo yoga inali m'gulu la masewero amene anaunikidwa. Choncho chothandiza kwambiri ndi zimene mumachita mwezi wonse, osati kudzikakamiza pa tsiku limene mimba yapotokola. Pa tsiku loterolo, gwadani n'kukhalira zidendene, mutsamize chifuwa pa pilo ndi chipumi pansi, komwe amati balasana, n'kupuma pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo. Mukhozanso kugona chagada pilo ali kumsana, mapazi ataphatikizana ndi mawondo atagwera m'mbali, kapena kukwawa ndi manja ndi mawondo n'kumakweza ndi kutsitsa msana mofatsa. Kugona pansi miyendo itatsamira khoma kulibe vuto kwa ambiri, chifukwa mutu ndi chiuno zimakhala pa mlingo umodzi ndipo khosi silisenza kanthu, ngakhale otsatira Iyengar ena amaletsanso zimenezi. Pomaliza musadzuke mwadzidzidzi: tembenukirani kumbali, khalani tsonga kanthawi, kenako imirirani. Chitani zonsezi m'mamawa dzuwa lisanakwere kapena madzulo, osati masana a kuno.

Kamphasa ka yoga ka m'masitolo a ku Blantyre kapena ku Lilongwe n'kokwera mtengo, ndipo ndikuona kuti n'kuwononga ndalama kwa munthu amene akungoyamba. Mkeka wa pamsika wokhala ndi bulangete lopinda pamwamba umakwanira pa zochita zogona ndi zogwada, ndipo mtengo wake sufika ngakhale theka. Pa zochita zoimirira chotsani bulangetelo, chifukwa limaterera. Ndalama yotsalayo ndi bwino igule mapadi abwino kuti musamachite masewero mtima uli pa chitenje.

Pa ululu, botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'kansalu n'kuliika pachinena limathandiza ndithu. Brufen amagwira ntchito kuposa panado pa cham'mimba chifukwa amachepetsa prostaglandin amene ndatchula uja, ndipo amathandiza kwambiri akamwedwa ululu ukangoyamba, koma amwedwe mutadya, ndipo asamwe amene ali ndi zilonda za m'mimba kapena amene akukayikira kuti ndi woyembekezera. Asipirini msiyeni masiku amenewa popeza akhoza kuchulukitsa magazi otayika. Pobwezeretsa magazi, usipa, chiwindi, nyemba ndi bonongwe zili pafupi nafe, ndipo malambe amene ali mbwee kuno amathandiza thupi kuyamwa ayironi wa m'masamba ndi nyemba. Tiyi amachita zosiyana ndi zimenezo, choncho musamwere chakudya chanu ndi tiyi, dikirani padutse ola.

Ululu umene ukukulepheretsani kupita kuntchito mwezi uliwonse, kapena umene ukukulirakulira chaka ndi chaka, kapena umene sukumva mankhwala amene ndatchulawa, musaulimbane nawo pa mkeka. Umenewo ndi umene ungakhale endometriosis yeniyeni kapena zotupa za m'chiberekero, ndipo umafunika dokotala wa amayi ndi sikani. Ndipo mukampeza mphunzitsi amene mukufunayo, tsiku loyamba mumuuze za BP yanu, za mlingo wa magazi anu ndi za mmene mumasambira, ngakhale atapanda kufunsa. Akakuyankhani mopepuka kuti mumwe madzi mupitirize, pindani mkeka wanu mubwerere kunyumba.